Mlatho Wachitatu

Kanabwera pa minibasi yochokera ku Limbe,
m'envulopu imene kondakitala anaikhalira njira yonse:
kabolodi kobiriwira, kosadzaza n'chikhatho chomwe,
timizere take ngati ngalande za m'minda ya nzimbe
ukamaziona potsika mapiri a Chikwawa.
Alufandika wowotcherera zitseko anaseka mpaka kutsokomola:
"Mayi Fulukiya, mbuzi yathunthu
mwasinthanitsa ndi bisiketi?"

Madzulo, nditalongedza mafoni a anthu, ndinayamba.
M'kakhadi kochepa ngati chikhadabo
ndinathiramo masewera akale mazanamazana,
bandulo kutha kawiri,
netiweki ikuthawira ku Mozambiki n'kubwerako wapansi.
Chingwe cha TV chinakana. Ndinachinyengerera.
Mtovu unandidonthera pachala, chipsera n'chimenechi.

Kenako kutentha.
Kuno ku Bangula Okutobala saseka ndi munthu,
ngakhale mbuzi zimakanganirana mthunzi wa ngolo.
Kabolodi kanadwala malungo, zithunzi zikuchita chibwibwi.
Ndinadula kachitsulo m'wailesi yakufa ya bambo
n'kukamata pamsana pake,
ndinazula kafani m'laputopu
imene mwini wake sanaibwerere chaka chachitatu chino.
Nyumba yake ndi kontena yotengera mpunga kusukulu,
yobooledwa ndi msomali wamoto kuti kazipuma.

Mukufuna kudziwa chifukwa?

Kuseri kwa msika kunali shedi ya bango ya a Tchale:
TV yamsana waukulu, batire ya galimoto, makobidi m'chitini.
Anyamata okhaokha.
Ine panja, khanda la mayi kumbuyo,
diso limodzi pampata wa bango,
kuonerera mlongo wanga Zuze
akuyendetsa kamunthu ka timabokosi kodumpha maenje.
Ndinaloweza njira yonse.
Apa dumpha. Apa dikira.
Pa mlatho wachitatu usathamange.
Zuze ankathamanga.
Tsiku ndi tsiku ankagwera pomwepo,
n'kutuluka akunamizira batani.

Lachinayi magetsi atapita kwawo
ndinalumikiza ku batire ya sola.
Galasi linaphethira, linaphethiranso,
ndipo kanyimbo kaja, kowonda ngati kulira kwa udzudzu,
kanatuluka osakalamba ngakhale pang'ono.
Zaka makumi awiri ndi zisanu
zinalowa osaodira, n'kukhala nane pamkeka.

Ndinagwira chowongolera ndi manja onse awiri.
Dzenje loyamba, ndinagwa.
Lomwelo, ndinagwanso.
Maso ophunzira, zala mbuli.
Miyoyo itatu inatha
thukuta lisanafike n'pachibwano.

Chanazi, mwana wanga wa Sitandade 5,
amene ndimayesa wagona,
anati, "Tabweretsani kuno, amama."
Ndinakhala kumbuyo kwake monga kale lija,
koma pakati pathu popanda bango.
Apa dumpha.
Apa dikira.
Dikirabe. Usathamange, mwanawe.

Anawoloka.

Kutsidyako kunali dziko limene sindinalionepo:
thambo lofiirira, makwerero opita m'mitambo,
tizilombo tina tosadziwika mayendedwe.
Chanazi anacheuka kuti ndimuuze chochita.
Ndinalibe mawu. Nzeru zanga zinathera pamlatho.

Ndinamuimbira Zuze ku Nchalo,
ali pa shifiti yausiku yothirira nzimbe.
"Achimwene, tawoloka mlatho uja!"
Mipope ikulira kumbuyo kwake, iye anati,
"Mlatho uti? Wa Mtayamoyo? Madzi abweranso?"
Ndinati ayi, gwirani ntchito,
ndidzakufotokozerani pa Khirisimasi.

Tsopano mwana wagonadi, kukamwa yasa.
Kafani kakuzungulira m'kontena ya mpunga,
batire yatsala ndi timizere tiwiri,
ndipo mawa pali mafoni asanu ndi limodzi ondidikira,
ina yogwera m'chidebe cha thobwa.
Ndatsitsa voliyumu.
Dzenje loyamba lili apo, likundiyang'ana.
Chala chachipsera chija
ndachiika pa batani.