Tsamba 614

Bukuli ndinaliyeza pa sikelo ya kukhitchini:
kilo imodzi ndi theka,
kulemera kwa khanda lobadwa masiku osakwana.
Bendegúz, mwini ndalama, anagogoda chikuto ndi chikhadabo.
"Maola awiri ndi theka. Mphindi yoonjezera ulipira wekha."

Ndiye ndatha miyezi isanu ndi iwiri muno mu Budapest,
m'kachipinda ka pamwamba pa ophika buledi,
sitima za mumsewu zikukukuta mano pansi pa zenera,
ine ndikupha anthu ndi pensulo yofiira.

Ndinayamba ndi osavuta.
Mibadwo khumi ndi inayi ya m'chombo cha m'mlengalenga
ndinaipinda ngati bulangete, inakwana m'mphindi zitatu.
Nkhondo ya pa mwezi wachitatu sindinaikhudze,
poti moto umagulitsa matikiti.
Alongo awiri ndinawasoka kukhala munthu mmodzi,
palibe anadandaula.

Koma pa tsamba 614 pali mayi wokonza mipope.
Alibe dzina. Sapulumutsa aliyense.
Wangogona chagada pansi pa thanki,
zaka mazana atatu chinyamukireni chombo,
akumvetsera dontho:
tho.
tho.
Akuganiza kuti kapena mvula inkamveka chonchi,
iye amene sanaionepo, ngakhale amene anamubala,
ngakhale amene anabala iwowo.
Masamba khumi ndi limodzi, dontho lokhalokha.
Kamera ingalitani dontho?
Ndinamudula Lachiwiri, ndisanadye kanthu.

Ku situdiyo kulibe nyenyezi.
Kuli chinsalu chobiriwira, kutalika ngati tchalitchi,
ndi mnyamata wovala zitsulo zapulasitiki
akulirira kampira komangidwa pa ndodo.
Akuti kampirako kadzakhala dziko lake likupsa,
makompyuta akadzamaliza ntchito chaka chamawa.
Analira kasanu ndi kawiri. Kachisanu kanali bwino.

Tsiku limenelo kunabwera mayi Orsolya,
mkazi wa malemu wolemba bukulo,
ndodo kumanja, chikhoto chonunkha mankhwala a njenjete.
Anawapatsa mpando wolembedwa dzina la wina.
Anayang'ana chinsalu chija nthawi yaitali
ngati munthu amene walozeredwa manda olakwika.
Kenaka anandikoka mkono:
"Wa mipope uja musewera naye liti?"

Ndinanena za maola awiri ndi theka.
Ndinanena za Bendegúz.
Pakamwa panga panatuluka masamu okhaokha.

Anaseka, osati mokwiya.
"Chaka chimenecho mpope wathu unkadontha dzinja lonse.
Bambo uja ankatha kumanga maiko asanu asanamwe khofi
koma sipanala sankadziwa kuti amaigwira mbali iti.
Ndinalowa ndine pansi pa sinki.
Iye anaima pakhomo, kope m'manja,
kundiyang'ana mapazi.
M'buku lonselo, mwanawe, ndimapezeka pamenepo pokha."

Anapempha takisi. Sanadikire chakudya chamasana.

Usiku ndinatsegulanso tsamba lija.
Mzere wofiira unadutsa pakati pa mayiyo
kuyambira paphewa mpaka m'chiuno.
Labala anangofalitsa kufiirako.

Csongor, wokonza mawu, amagwira ntchito m'chipinda chopanda zenera.
Ndinamupititsira botolo la vinyo ndi pempho limodzi.
Tinaboola kachitini, tinaika beseni pansi,
tinajambula mpaka mbandakucha
kufuna dontho losafanana ndi wotchi.

Mukadzapita kukaonera,
magetsi akadzazima, chombo chisanatulukire,
pali masekondi asanu ndi anayi a mdima.
Bendegúz akuyesa kuti ndi vuto la makina,
walamula kawiri kuti tichotse.
Ambiri mudzakhala mukufunafuna mipando,
mukutsegula mapaketi, mukuzimitsa mafoni.

Koma mzere wachitatu, mpando wakumapeto,
ndasungitsa tikiti imodzi,
pafupi ndi khomo chifukwa cha ndodo ija.
Sindikudziwa ngati adzabwere.
Foni yawo ikungoitana.