Kanungu Kuseri kwa Goli

Ntchito yanga pasukulu ino ya ku Tukums
ndi kusonkhezera ng'anjo yotenthetsa makalasi,
kukokola masamba ogwa, kudzoza mafuta zitseko zolira,
ndi kukhoma misomali pamene a Dzintra andilozera.
Lolemba ndinakhoma inayi.
Chikwangwani chake chinali cha liwu limodzi, CHIFUNDO,
zilembo zofiira, chilichonse ngati chikhatho changa,
poti pano mwezi uliwonse uli ndi khalidwe lake.
Wathawu unali wa kunena zoona.

Lachinayi masana ndinamva phokoso kuseri kwa goli,
phwete wochuluka, koma kugunda kwa mpira osamveka.

Kanali kanungu.
Kanadzipinda monga kanabadwira kakudziwa,
mphuno m'mimba, minga kunja,
nzeru yogonjetsa nkhandwe ndi galu yemwe.
Koma kwa anyamata asanu a nsapato zolimba
kudzipindako kunangokasandutsa mpira.
Valters anamenya. Ints anabweza.
Raivis sanamenye ayi, iye anali ndi foni m'mwamba,
akufuula kuti bwerezani, sizinaoneke bwino.

Ndinakuwa, iwo balala.
Ndinakatola ndi chipewa changa.
Kanali kopepuka kuposa theka la buledi,
kamwendo kakumbuyo kali lende,
kadontho ka magazi pamphuno,
kakupuma wefuwefu ngati nkhalamba pamasitepe.

M'mawa mwake chilango chinaperekedwa:
aliyense alembe masamba awiri za kukonda nyama.
Valters analemba mokoma zedi, anakhoza pafupifupi zonse.
Ndinawerenga ndikupachika pakhoma.
Munalibe cholakwa ngakhale chimodzi.
Munalibenso kanungu.

Ndiye ndinagogoda kwa ahedi, chipewa m'manja,
ndinati ndibwerekeniko anawo m'mamawa uliwonse.
Kanthuka kali m'katoni pafupi ndi ng'anjo.
Kafunika kumwetsedwa, kuchotseredwa zonyansa, kuyezedwa pasikelo,
ndipo adokotala a ziweto akuti kakapanda kunenepa chipale chisanagwe
kadzagona tulo ta nyengo yozizira osadzukanso.

Anabwera atatu, tsiku limodzi lokha.
Bambo wa Ints anaimba foni,
akuti mwana wawo si wantchito wa khoswe waminga.

Ndisadzitame.
Ndili ndi zaka khumi, kumtsinje kwathu,
ndinapopa chule ndi kaphesi mpaka anaphulika.
Anzanga anandiombera m'manja.
Palibe anandigwira paphewa n'kunena kuti bwerera, ukayang'ane.
Tsitsi layera, koma kulira kwakeko
ndimakumvabe chitseko cha ng'anjo chikamatseguka.

Raivis yekha ndiye amabwerabe.
Sapereka moni, sapepesa.
Amavula magolovesi, kugwada pasimenti,
n'kulemba ndi choko pakhoma kulemera kwa tsikulo,
manambala opendekeka, ena otsika, ambiri okwera pang'ono.
Kanamubaya chala tsiku lachitatu. Anatukwana,
anayamwa chalacho, koma sanakaponye pansi.
Kanema uja sindidziwa ngati anafufuta.
Sindinamufunse.

Mwezi watha.
Dzana ndinazula misomali yanga inayi,
CHIFUNDO ndinachipinda n'kuchiika m'kabati
pamwamba pa KUNENA ZOONA,
ndipo ndinakhoma chatsopano, KUSUNGA NTHAWI.
Tsiku lomwelo Raivis anachedwa m'kalasi
poti kanungu kanadya mwaulesi,
ndipo dzina lake linalembedwa m'buku la ochedwa.

A Dzintra si munthu woipa.
Dzulo anatsikira kuno, anaima pakhomo nthawi yaitali,
mafayilo pachifuwa,
akuyang'ana mnyamata akuzula nkhupakupa pakati pa minga,
imodziimodzi, lilime lili panja.
Anandinong'oneza kuti nanga izi ndilemba pati,
pafomu palibe malo ake.
Ndinati sindidziwa, ine ndi wa ng'anjo.

Kaya mwanayu wasintha, kaya wangokonda kufunda kwa chipinda chino.
Kanungu kakamva fungo lake kamadzipindabe.
Iye amadikira, manja pamawondo,
mpaka kamphuno katuluke.
Lero m'mawa udzu wa pabwalo unali mbuu ndi chisanu,
ndipo nambala ya pakhoma sinafikebe.