Mpata wa Chala Chimodzi

Kuno ku Thunder Bay, Novembala akalowa,
nthaka imatseka pakamwa mpaka Epulo.
M'chipinda cha kunsi kwa nyumba yanga
konkire amazizira ngati moni wa munthu amene uli naye ngongole.

Bambo anga, a Arvo, akhala pa sitepe yachitatu,
ndodo pakati pa mawondo,
dzanja lamanja lili gone pantchafu chiwagwereni sitiroko.
Zaka makumi anayi anayala matabwa m'nyumba za eni.
Lero chipinda n'chawo,
koma nyundo ili ndi ine.

"Usathamange, Helmi," akutero, lilime likulemera.
"Konkire ndi wabodza. Amangooneka wouma."
Lolemba tinamata kapulasitiki pansi ndi tepi.
Lachinayi, pomatula,
timadontho tili waa kunsi kwake,
thukuta la mwala umene sunagwirepo ntchito.
Iwo anangoti, "Waona?"

Ndasesa. Ndapala kachulu ka pafupi ndi khomo,
ndathira simenti yamadzi m'kadzenje ka pakati.
Pakona ndapeza chikhatho cha mwana
chodindidwa konkire ali muwisi,
ndi dzina lolembedwa ndi msomali: Dolores, 1958.
Ndaikapo changa. Zala zanga zasefukira.
Kenaka ndaphimba.

Choyamba chipulasitiki chakuda cha timatuza
ngati thireyi ya mazira,
kuti chinyontho chikatuluka chipeze njira yake
osakhudza mtengo.
Pamwamba pake matabwa aakulu ngati zitseko,
mizere yolumikizira yosemphana
monga amasanjira njerwa.

Chobowolera chikulira mpaka m'mano.
Fumbi m'nsidze, fumbi m'khofi.
Ndathyola nsonga ziwiri,
ndatukwana m'Chifinishi chochepa chimene ndinatola kwa iwo,
ndipo theka la nkhope yawo laseka.

Ndikukankhira thabwa kukhoma kuti ligunde, gwa.
Ndodo yagogoda sitepe.
"Ayi. Siya mpata wa chala chimodzi.
Thabwa limatupa kukafunda, limabwerera kukazizira.
Ukalipanikiza limadzuka pakati."

Ndaika chala changa pakati pa khoma ndi thabwa.
Sindinanene za zaka khumi ndi chimodzi
zimene tinkangotumizirana makadi a Khirisimasi
opanda mawu ena kupatula mayina.
Nawonso sananene.
Kunja galimoto yokankha chipale ikudutsa ndi nyali yake yachikasu.

Usiku wa Lamlungu avula masokosi.
Atsika masitepe atatu aja, ine ndili kumbuyo osawagwira.
Phazi labwino likuponda,
linalo likukwakwaza,
mutu uli chopendekera, khutu likumvera pansi.
Pafupi ndi pamene padzakhale bedi
thabwa lati tswii.

Aima. Apondanso. Tswii.
Andiyang'ana ngati ndabisa ndudu m'thumba la yunifolomu.

Ndagwada, mawondo akuwawa,
ndabowola, ndamanga sikuluwu ina.
Apondanso kachitatu,
nayima pamenepo nthawi yaitali, osavala,
kenaka afunsa ngati khofi uja watsalako.