Jekete la Gesomu

Ndine telala wa mumsika wa Kapata.
Ukulu wa mpingo ndimauvala Lamulungu,
masiku enawa ndimapinda mathalauza a anthu.

Chaka cha chilala chija tinaika mwana wa a Miti
popanda nyimbo.
Analetsa kwaya ndine.
Ndinati lamulo ndi lamulo, wadzichotsa yekha,
ndipo amake anandiyang'ana
osalira, osaphethira,
kenako anawerama n'kumanganso duku.
Mpaka lero ndikamaponda makina
ndimamva makasu a tsiku lija,
dothi likugwera pabokosi, phi, phi,
anthu mazana awiri ali chete.

Atatiitana ku maphunziro a masiku atatu
mu holo ya kuseri kwa chipatala,
ndisaname, ndinatsatira fanta ndi ya thiransipoti.
Namwino wake, mayi Esinati Lungu,
wamfupi, nsapato zodyeka chidendene,
anatikhazika awiriawiri, maso ndi maso,
nati: Funsanani.
Musazungulire ngati njinga yozemba matope.
Atchuleni mawuwo: Kodi ukuganiza zodzipha?

Lilime linakana.
Ine wolalikira ola lathunthu osamwa madzi
ndinatsokomola, ndinaseka,
ndinati kwathu kutchula chilombo n'kuchiitana.
Iwo anati: Chilombocho chili kale m'nyumba, bambo.
Mukachitchula, mwini nyumba amadziwa
kuti wina wachionanso.

Satifiketi ndinaika pansi pa nsalu zotsala.
Mvula inabwera, inapita.

Lachinayi lina, dzuwa litapendekera ku Kanjala,
anafika Gesomu wa ku Mchini,
uja ankanyamula anthu panjinga
asanamulande a kaloba.
Anatula jekete lake laukwati patebulo.
Mulichepetse, likwane mng'ono wanga.
Ine sindilifunanso.
Anapisa m'thumba n'kubweza makwacha khumi ndi asanu
omwe ine ndinaiwala kalekale.
Nkhope ili mbee, yodekha
ngati ya munthu amene wamanga kale katundu.

Phazi langa linaima lokha.
Vesi linathamangira kukamwa, ndinalimeza.
Ndinachotsa mapini pampando n'kuti, khala.
Gesomu, ukuganiza zodzipha?

Mawuwo anagwa pakati pathu ngati sizasi pasimenti.
Kunja wina ankatsatsa tomato.
Ndinawerenga mabatani a jeketelo, atatu,
ndinawawerenganso.
Iye anayang'ana ulusi uli pansi,
nati, Mwadziwa bwanji?
ndipo mapewa ake anayamba kugwedezeka.

Sindinamuuze za moto wosazima.
Sindinamuuze kuti mwamuna salira.
Ndinamvetsera za njinga, za lendi,
za mwana wobwezedwa kusukulu,
za usiku umene tulo timakana kulowa.
Kumvetsera n'kowawa kuposa kusoka chikumba.
Kawiri konse ndinafuna kukonza moyo wake ndi malangizo,
kawiri konse ndinaluma mlomo.

Msika unatsekedwa tili pomwepo.
Ndinamuperekeza mpaka pakhomo,
tinauza mkazi wake tili limodzi,
zimene anabisa kudenga anandipatsa ndi dzanja lake,
ndinagona pamkeka pafupi ndi chitseko.
M'mawa tinakhala pabenchi ya mayi Lungu,
nambala seveni pamzere.

Sindikuti wachira.
Ngongole ikadalipo, masiku ena sayankha foni
ndipo ndimatseka shopu n'kupita.
Koma Lachinayi lililonse amabwera,
amandiphunzitsa kumanga sipoko,
ine ndimamuphunzitsa kuika zipi, amakhotetsa.
Jekete lili pa msomali kuseri kwanga.
Sindinalidule ngakhale ulusi umodzi.
Akalifunsa ndimati ntchito yachuluka.

Dzulo ndinadutsa pakhomo pa a Miti.
Amake anali kusankha nyemba m'lichero.
Ndinaima pampanda, chipewa m'manja,
buku la nyimbo lili m'thumba la malaya.
Anakweza maso, osalankhula.
Patapita nthawi anakankha kampando ndi phazi.
Ndinakhala.
Buku sindinalitulutse.
Ndinafunsa, Mwana uja, kodi ankakonda chiyani?