Sikelo ya ku Biwi

Sikelo yangayi ndinaigula kwa wogulitsa nyama wa ku Mchesi
atasiya geni chifukwa cha bondo.
Mbale yake imanunkhabe mafuta dzuwa likaswa mtengo.
Pano imayeza mitembo ya mtundu wina:
wailesi zosalankhula, mafoni akhungu,
kanema amene anamwa mphenzi mu Januwale.

Ndili ndi kope la mizere.
Kumanzere ndimalemba kulemera kwa chinthu chisanaphwasulidwe,
kumanja zimene zingabadwenso.

Wailesi ya a Gwaza, yakale kuposa ine:
makilo awiri ndi theka.
Masikuluwu anayi okha, yatseguka ngati mtedza wouma.
Kopa apa, chitsulo apo, sipika ipita kwa Mwatitha
amene amamanga zoimbira za m'maminibasi.
Chotsala chongodzaza dzanja, ndi mphemvu ziwiri zouma.
Amene anaipanga ankadziwa kuti tsiku lina
kudzakhala munthu wonga ine, wa sikuludiraiva yopindika.

Koma zamakonozi!
Zomatidwa ndi guluu ngati pakamwa pa mboni yodyetsedwa chibanzi.
Ukati utsegule, galasi lathetheka,
batire lafufuma, likukuopseza ndi moto.
Akuti muli golide m'katimo.
Alimodi, wochepa ngati mchere wa m'misozi,
ndipo ng'anjo yomutulutsa ili kumaiko
kumene ine sindidzapondako.

Madzulo anyamata amaotcha mawaya kuseri kwa mlatho,
utsi wakuda bii, malawi obiriwira.
Sautso amabwera ndi kopa wake akutsokomola.
Ndimamulipira pa kilo.
Chifuwacho ndilibe mzere wochilembapo.

Lachiwiri kunabwera mayi wa ku Kawale,
foni atakulunga m'kampango.
Inali ya Tafatatha, anatero, mwana wanga wachisamba,
inagwa naye limodzi pa kabaza pamsewu wa ku Mchinji.
Ndalama sanazifune.
Anangomva kuti ineyo ndimadziwa
chimene chimapulumuka m'chinthu chakufa.

Ndinaiika pa sikelo, chizolowezi basi.
Magalamu zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu.
Ndinaiwamba m'mbali ndi choumitsira tsitsi cha mkazi wanga,
ola lathunthu ndikuinyengerera ndi lezala.
Bolodi inali itathyoka pakati.
Koma pakona panali kamemore khadi,
kochepa ngati chikhadabo cha khanda.
Ndinakalowetsa m'foni yanga.
Zithunzi khumi ndi zinayi, nyimbo za kwaya,
ndi mawu a mnyamata akuyeserera Chingerezi cha intavyu,
akuphonya, n'kumadziseka yekha.

Mayiyo anakhala pa kireti ya mabotolo
akubwereza, kubwerezanso,
mpaka batire langa linatha.

Usiku ndinatsegula kope.
Kumanzere ndinalemba nambala ija.
Kakhadiko ndinali nditakayeza:
muvi wa sikelo sunagwedezeke n'komwe.
Kumanja sindinalembeko kanthu mpaka lero.

Mawa kukubwera makompyuta asanu ochokera ku Kapitolo.
Ndiyenera kuwongola sikuludiraiva ija.