Timphete ta Herminia

Lolemba, pachipatala cha ku Valparaíso,
Herminia anameza kapisozi
wa timphete makumi awiri ndi tinayi.
"Mudzabwere Loweruka," anatero dokotala Quilodrán.

Loweruka chithunzi achipachika pa nyali.
Timphete khumi ndi tisanu ndi tiwiri tikadalimo,
tandandana m'matumbo
ngati sitima zodikira padoko,
yotsitsa katundu osaoneka.
Nalo dzira anamudyetsa m'mawa lija,
maola anayi lili khale m'chifu.

Zaka khumi ndi ziwiri akumuuza kuti
imwani madzi, idyani mapapaya,
mumangoganiza kwambiri inu.
Lero waloza yekha ndi chala:
"Mwaonatu. Sindinkanama."

Akukwera chitunda cha kwawo,
envelopu ili kukhwapa,
mimba ili gwa,
koma akumwetulira yekhayekha.