Zala za Bambo

Lachiwiri, malata a sukulu akulira ndi dzuwa la ku Chamama,
Mayi Kanyenda anafufuta 8 ndi 9 pa bolodi
ndi chikhatho chawo, osadikira dasitala.
"Awiriwa apita ku tchuthi," anatero.
"Lero tiwerenga ngati anthu a zala zisanu ndi zitatu.
Ukafika pa seveni malo atha,
bwerera pa ziro, wani umusenze upite naye kumanzere."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko.
Munthu wa zala eyiti, wa kuti ameneyo?
Ine sindinaseke.
Ndimakhala naye nyumba imodzi.

Jeke yodindira fodya inawadya ziwiri za kumanja
chaka chomwe ndinabadwa, pa esiteti ina kwa Wimbe.
Mwini munda anapereka bandeji, sopo wamtanda
ndi masiku anayi opuma,
omwe anawadula pa malipiro fodya atagulitsidwa.
Mpaka lero moni amapereka atagwira pachigongono,
dzanja likubwerera msanga m'thumba
ngati labera wina.

Madzulo ndinawapeza m'chigafa akusankha masamba,
ofiira uku, othothoka uko.
Ndinayala kope pa belo, foni ikuwunikira.
"Muli ndi zaka zingati?"
"53, ngati abusa sanalakwitse pa khadi."

Gawa ndi eyiti: sikisi, kutsala faifi.
Chotsala sutaya, umachilemba pambali.
Gawanso: ziro, kutsala sikisi.
Tsono werenga zotsalazo chokwera,
kuchokera pansi, monga tithyolera fodya.
"Muli ndi 65."

Anaseka mpaka chifuwa cha fumbi chinawadzukira.
"Wandikalambitsa usiku umodzi!
Kauze boma lindiike pa mndandanda wa okalamba."
Ndinawabwezera zaka zawo:
magulu sikisi a eyiti ndi 48,
onjezani faifi uja, mwafika pomwe munali.
Palibe chachoka, palibe chabwera,
ndi thumba lokha lasintha, chimanga n'chomwecho.

"Nanga ngongole ya feteleza?
Igawe ndi eyiti mwina ichepa."
Ndinayesa. Inatalika ndi nambala imodzi.
"Isiye momwe inaliri," anatero.

Kenaka ndinati, tambasulani manja.
Anazengereza. Anapukutira phula la fodya pa buluku,
n'kuwaika pa belo, zikhatho pansi.
Wani, thuu, mpaka seveni,
ndipo pa chala chomaliza, chokhota chija,
malo anatha.
Ndinabwerera pa ziro, wani n'kumusenza,
ndinalemba pa kope: 10.

Anayang'ana nthawi yaitali.
Kuwerenga mawu sadziwa, koma nambala iyi amaidziwa,
ili pa ndalama yachitsulo, ili pa sikelo ya ku Chinkhoma.
"Ndiye kuti zakwana?"
"M'kawerengedwe aka, zakwana."

Kunja njinga inadutsa, tcheni chikulira.
Foni inathima, ndinaiyatsanso.

"Aphunzitsi akowo ndi anzeru," anatero,
akutola tsamba lina, kuliwongola pa bondo.
"Koma ukawafunse mawa:
ziwiri zinapita ku tchuthi zija,
bwanji zimandiyabwabe mu Juni kukazizira?"

Sindinawafunse Mayi Kanyenda.
Pa mayeso ndinakhoza zonse kupatula imodzi,
pomwe ndinalemba bwinobwino yankho
koma pambali, m'malo mwa ziro,
ndinasiya chotsala: 2.